Dzina la pa Botolo

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndakhala ndikupukuta fumbi pa mabotolo awa,
m'chipinda chapansi momwe dzuwa la ku Chirunga silifika.
Njoka zagona mu sipiriti, zodzipinda ngati nkhata,
iliyonse ndi kapepala kake,
inki yofiirira, dzanja la munthu amene anafa ine ndisanabadwe.

Ndinaphunzira kuwerenga mamba a kumimba
ndi nsonga ya singano, kuyambira kukhosi.
Wina akatsokomola pakhomo, ndasokonezeka, ndiyambirenso.
Ukapeza chiwerengero wapeza dzina.
Nkhani inkathera pomwepo.

Kenaka kunabwera Asiyatu wa ku Chinamwali
ndi kalumo konga kowengera zikhadabo.
Iye amangodula kachidutswa
kosaposa njere ya mawere, n'kutsekera m'kachubu.
Anyamata a kabaza ali ndi nambala yake:
"Asisi, ina ili pa mlatho wa Likangala,
minibasi yaphwanya mutu koma mchira ulipo."
Amapita, atanyamula jumbo ya shuga.
Magetsi akathima tonse timathamangira firiji,
kuifunditsa mabulangete ngati mwana wa malungo,
kuti zomwe zalembedwa m'minofumo zisasungunuke.

Timachubu tinapita kutali, miyezi isanu.
Tinabwerako tili zilembo zinayi zokha,
zobwerezabwereza pa kompyuta mpaka maso kuwawa.
Ndinati, kalata yanji yopanda moni?
Iye anaseka, nandionetsa mtengo wogona chammbali,
nthambi zake zonse mayina.
Apa nsato, yomwe ikadali ndi tizikhadabo pafupi ndi mchira,
zotsala za miyendo yomwe makolo ake anasiya.
Chapataliko ng'azi, ngati malume wosayenderedwa.

Kenaka chala chake chinaima.
Botolo 47, yogwidwa ku Mulunguzi, kumtunda kwa nkhungu.
Botolo 48, yogwidwa ku Kachulu, m'matope a Chilwa.
Dzina limodzi, shelefu imodzi, moyandikana ngati mapasa.
"Izi," akutero, "zinasiyana kalekale.
Ina inakwera phiri, ina inatsala kudambo,
ndipo sizinakwatiranenso."

Ndinaziwerenga ndekha, ndinatero. Katatu.
Mamba ndi ofanana, mpaka a pamlomo.

"Simunalakwitse, bambo Makwinja.
Koma yunifolomu imodzi
siipanga ana kukhala a bere limodzi."

Sindinamuyankhe. Ndinapita kukatsuka mabeseni oyera kale.

Madzulo, potsika ku Matawale,
ndinakumbukira bambo a bambo anga.
Anawoloka malire ndi khasu ndi chilankhulo chawo,
nakaima pamzere pa esiteti ina ku Thondwe.
Kalaliki anafunsa dzina, iwo ananena.
Anafunsanso, iwo ananenanso.
Lilime la kalaliki linakana,
ndiye analemba lomwe linali pafupi ndi cholembera chake.
Ndi lomweli lili pa chitupa changa,
pa satifiketi za ana anga,
pa mtanda wa mchimwene wanga.
Lenilenilo palibe amalikumbukira.
Mwina likadali penapake m'kati mwangamu,
m'zilembo zinayi zija,
koma lumo la Asiyatu silingalitchule mokweza.

Lero m'mawa ndatenthetsa madzi m'ketulo.
Ndanyowetsa kapepala ka pa 47 pang'onopang'ono,
guluu wa makedzana akukanirira ngati nkhupakupa.
Njokayo ikundiyang'ana ndi diso lotuwa.
Sinadziwepo dzina loyambalo,
ndipo latsopanoli silidzaidzutsa.

Kapepala kakaleko sindinataye.
Ndakaumitsa pawindo, ndakamata kuseri kwa botolo,
poti amene analembayo naye anawerenga ndi singano,
naye anayambiranso wina atatsokomola.

Ndatenga bolopeni kuti ndilembe chatsopano.
Asiyatu wandigwira dzanja,
wandipatsa pensulo yotafunidwa kumutu.
"Lembani ndi iyi," akutero.
"Kudzabweranso wina."